Mpando wa agogo aakazi pa bawo uli kuti?

Awa ndi mawu amene tinayankhula pokumana ndi amayi, agogo ndi atsogoleri a m'madera mumzinda wa Mzuzu. Tawaika pano kuti amene simunafike muwerenge, ndipo muwawerengerenso agogo kunyumba.

  Tikudziwa kuti ena mwatsika zitunda za ku Masasa, ena mwachokera ku Luwinga, ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, ndipo ena mwakwera sakaramento ndi ndalama imene ikanagula ndiwo. Sitikutayitsani nthawi.

Nkhani yathu lero ndi ya masewera. Eee, mwamva bwino, masewera. Taona ena mwayamba kale kukodolana: ndi mmene ufa wakwerera, ndi mmene sopo wadulira, anthu akuluakulu n'kusonkhana kudzakamba za bawo? Tipirireni pang'ono. Tikamafika kumapeto muweruza nokha ngati ili nkhani yachibwana.

Tiyambe ndi funso. Mukamayenda mumzinda muno masana, chakudepoti, m'mbali mwa msika, pakhonde la golosale ku Chiputula kapena ku Katawa, mukamva nkhomo zikulira pa thabwa, amene amakhala pamenepo ndani? Abambo. Awiri akusewera, gulu laimirira kumbuyo, aliyense akudziyesa katswiri. Chapoteropo ena akukankha zitsekerero za mabotolo pa drafuti. Sitikuwanena ayi, n'chinthu chokoma. Bambo akapuma pa ntchito amakhala ndi kopita. Akapanda kuoneka masiku awiri, anzake amafunsana kuti, kodi mdala uja ali kuti? Tsiku lachitatu wina amapita kukagogoda kunyumba kwake.

Nanga mkazi wa mdala uja, nthawi imeneyo amakhala ali kuti? Nanga mayi wamasiye wa zaka 70 amene amakhala kuseri kwa nyumba yanu, akapanda kuoneka masiku awiri, amamufunsa ndani?

Si kuti amayife tinabadwa osakonda kusewera. Tinasewera phada mpaka zala kutuwa. Tinasewera fulaye, tinalumpha jingo mpaka mdima. Koma tsiku lina anatiuza kuti, wakula tsopano, usiye zachibwana. Mnyamata sanauzidwe zimenezo. Iye anangosintha masewera, kuchoka pa mpira wachikulunga kupita pa bawo. Ife tinachoka pa phada kupita pa mtondo, ndipo sitinabwerereko.

Taganizani bwino za malo amene amayi takhala tikuchezera. Pamtondo. Kuchitsime. Kunkhuni. Kudimba. Kumsika. Kumaliro, kophika. Onsewo ndi malo a ntchito. Macheza athu akhala akuberekedwa kumsana kwa ntchito. Ndiye chimachitika n'chiyani mawondo akayamba kukana, msana ukapindika, maso akayamba kuona mwachimbuuzi? Ntchito ikatha, macheza amatheranso pomwepo. Malo ochezera a bambo safuna mphamvu, amangofuna mpando ndi mnzake basi. Mayi akakalamba amataya ntchito ndi anzake nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu.

Mumzinda ndiye zimanyanya. Mzuzu ndi mzinda wa anthu obwera. Unayamba m'zaka za m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung, unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Makolo athu ambiri anafika kuno ali achinyamata kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi midzi ya ku Mzimba. Ankati akadzakalamba adzabwerera kumudzi. Ambiri sanabwerere: munda anatenga ena, anzawo anatha, chipatala chili kutali, nyumba anamanga konkuno. Pamene panali mtondo panabwera chigayo, pamene panali chitsime panabwera mpopi, pamene panali bwalo panabwera mpanda wa njerwa. Mzinda unamangidwira anthu othamanga. Sunaganizire gogo woyenda ndi ndodo m'matope a mvula ya kuno, imene ikayamba siidziwa kusiya, kapena m'chisanu cha June ndi July.

Wina anena kuti, agogo sali okha, ali ndi zidzukulu. N'zoona. Agogo a m'badwo uno ndi amene ananyamula dziko lino pamene Edzi inkatha anthu m'zaka za m'ma 1990, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Analera ana awo, n'kuwaika m'manda, n'kuleranso ana a ana awo. Lero ena akulerabe, poti makolo a anawo ali ku Joni. Koma kukhala pakati pa ana si kucheza. Mwana wa zaka zinayi sungamuuze zakukhosi. Munthu akhoza kukhala m'nyumba yodzaza, koma mwezi wathunthu osapeza wamsinkhu wake woseka naye, mawu okhawo amene amamva ndi akuti, agogo, njala.

Kukhala wekha kumadwalitsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi aliwonse achikulire amakhala motalikirana ndi anzake, ndipo mu November 2023 linakhazikitsa komiti yapadera yoona za vuto limeneli. Akatswiri a zaumoyo amati kusungulumwa kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko, nkhawa, ndi matenda oiwalaiwala aja a muukalamba. Tisanamizane, bawo si mankhwala. Wa BP amwe mankhwala ake, wa shuga apite ku Mapale kapena ku Central pa tsiku limene anamulembera. Koma ndani amakukumbutsa kuti tsiku lako ndi mawa? Ndani amazindikira kuti mwendo wako watupa, kapena kuti wayamba kubwereza funso lomwelo katatu? Ndi munthu amene amakhala moyang'anizana nawe sabata iliyonse.

Tsopano tifike pa chilonda chenicheni. Tonse tikudziwa dzina limene mayi wokalamba, wosauka, wokhala yekha amapatsidwa m'dziko muno. Mu January 2016, ku Neno, anthu anayi achikulire anaphedwa mphezi itapha mtsikana m'mudzi mwawo. Konkuno ku Mzimba, chakumapeto kwa 2022, dziko lonse linaona kanema wa agogo aakazi akuchitidwa chipongwe pamaliro, kukakamizidwa kukwirira manda pa zifukwa zomwezo. Gogo amene mutu wake wayamba kuiwala akasochera usiku, n'kupezeka m'mawa pakhomo pa eni, osadziwa kwawo, anthu sathamangira kunena kuti akudwala. Amati wagwa pa ndege. Chonsecho muno mu Mzuzu tili ndi a St John of God, amene ntchito yawo ndi yothandiza pa matenda okhudza maganizo.

Onani bwino: amene amachita nkhanza zimenezi si alendo. Ndi achibale, ndi oyandikana nawo, nthawi zina ndi zidzukulu zimene gogoyo analera yekha, ndipo nthawi zambiri pansi pa nkhaniyo pamakhala puloti kapena nyumba. Ndiye kudziwika kokha sikuteteza munthu. Chimene chimateteza ndi kukhala ndi anthu okuimira kumbuyo. Bodza limakula msanga pa munthu amene palibe womuyankhira. Koma tayesani kunamizira gogo amene Lachitatu lililonse amakhala ndi anzake khumi, amene anyamata a m'deralo anagonjapo kwa iye pa bawo, amene akajomba amayi atatu amafika pakhomo dzuwa lisanalowe. Mukamuloza chala, mwaloza gulu. Gululo limadziwa njira ya kwa mfumu, limadziwa njira ya ku Victim Support Unit kupolisi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Malamulo tili nawo. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu. Mu 2024 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, limene mabungwe monga MANEPO akhala akumenyera kwa zaka zambiri. Ndipo gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limauza boma kuti lizilemekeza ndi kuthandiza achikulire kudzera mu ntchito zothandiza anthu m'madera, komanso kuwalimbikitsa kutenga nawo mbali pa moyo wa m'dera lawo. Mwamva? Kutenga nawo mbali. Ndiye tikamapempha malo oti agogo azikumana, sitikupempha chifundo. Koma lamulo lili pa pepala silingagogode pakhomo pa gogo kumufunsa kuti mwadzuka bwanji. Amagogoda ndi anthu.

Kwa anzathu zimenezi anaziona kale. Ku China kuli masewera otchedwa mahjong, a anthu anayi, oseweredwa ndi timatabwa tolembedwa zizindikiro, ndipo achikulire, amayi ndi abambo omwe, amatha masana onse pa tebulo. Atafika ku America, anali amayi a ku New York amene anayambitsa bungwe la masewerawa mu 1937, ndipo magulu ena a amayi akhala akukumana sabata iliyonse kwa zaka makumimakumi, kukwatitsa ana limodzi, kulira maliro limodzi. Ku Miami kuli paki imene anthu amangoitchula kuti Domino Park, yokhala ndi denga, matebulo ndi mipando, kumene achikulire amasewera domino tsiku ndi tsiku. Pafupi pompa, ku Limpopo m'dziko la South Africa, mayi Rebecca Ntsanwisi anayambitsa timu ya mpira wamiyendo ya agogo aakazi yotchedwa Vakhegula Vakhegula, ndipo mu 2023 ku Tzaneen kunachitika mpikisano wa matimu a agogo ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu a nkhawa, ndipo njirayi inafalikira kumayiko ena. Taonani, kumeneko gogo si wongothandizidwa. Ndiye wothandiza. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ifeyo sitikufunika kuitanitsa kanthu kunja. Bawo tili nayo kale. Dzina lake linachokera ku Chiswahili, kumene bao ndi thabwa. Mizere inayi, maenje asanu ndi atatu pa mzere uliwonse, onse pamodzi 32, nkhomo 64. Masewera onse agona pa kuwerenga: ndikayambira apa ndikathera pati, ndidya pati, mnzangayu andibwezera bwanji. Ndiye mutiuze, mayi amene kwa zaka 40 wakhala akugawa ndalama ya tsiku limodzi kuti ikwane ufa, makala, mchere ndi yachigayo, amene amawerengera milu ya tomato m'mutu popanda cholembera, angalephere kuwerenga nkhomo? Ayi ndithu. Sanapatsidwe mpando basi. Thabwa likasowa, maenje amakumbidwa pansi, timiyala kapena njere n'kukhala nkhomo, monga mmene makolo ankasewerera nsolo.

Palinso domino, imene tikufuna muiganizire. Ndi timatabwa 28, kalikonse kogawidwa pawiri, mbali iliyonse ili ndi madontho kuyambira popanda kanthu mpaka asanu ndi limodzi. Ntchito ndi kulumikiza mbali zofanana madontho, ndipo woyamba kutha timatabwa take wapambana. Munthu amaphunzira tsiku lomwelo. Siifuna sukulu, siifuna chilankhulo chimodzi: Mtumbuka, Mtonga, Mnkhonde, Mlambya ndi Mchewa akhoza kukhala tebulo limodzi. Amasewera anthu anayi, ndiye palibe kudikira nthawi yaitali. Kalipentala aliyense angadule timatabwati kuchokera ku zidutswa zotsala, ndipo akaboola madonthowo mozama, ngakhale gogo wa maso ofooka amawamva ndi chala. Drafuti ndi ludo zilinso pomwepo. Ndipo amene miyendo ikadalola, ng'oma ilire, chiwoda chivinidwe. Kukalamba si kulumala.

Nanga tiyamba bwanji? Tikupempha zinthu zochepa, zotheka.

Choyamba, gulu likhale laling'ono ndi lapafupi. Anthu asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri, pamalo poti gogo angafike wapansi osawoloka msewu waukulu, osakwera chitunda. Gulu limodzi lalikulu m'tauni lingathandize okhawo ali ndi ya sakaramento. Tikufuna timagulu ku Ching'ambo, ku Salisbury Lines, ku Chibanja, ku Mzilawaingwe, ku Nkhorongo, dera lililonse lake.

Chachiwiri, tsiku ndi nthawi zisamasinthe. Maola awiri pa sabata, masana kukafunda. Mphamvu ya gulu ili pa chizolowezi, chifukwa pamene anthu azolowera kukuona ndi pamene amazindikira kuti palibe.

Chachitatu, pakhale kope la mayina. Amene wajomba, anthu awiri akamuone tsiku lomwelo. Lamulo limeneli ndi lofunika kuposa malamulo onse a bawo.

Chachinayi, pasakhale ndalama pa masewera. Ngakhale K50. Ndalama ikalowa, asanduka njuga, osauka amasiya kubwera, ndipo amene amatinena apeza ponenera. Mowanso ayi. Banki mkhonde ili ndi tsiku lake. Pano munthu azibwera chimanjamanja osachita manyazi.

Chachisanu, eni gulu ndi agogo. Ife achichepere ntchito yathu ndi kusesa, kunyamula mipando, kuwiritsa tiyi akapezeka. Tisawaimbitse nyimbo ngati ana a mkaka, tisawajambule n'kuwaika pa Facebook osawapempha. Asankhe okha wapampando wawo ndi masewera awo. Akafuna kuti abambo achikulire alowe nawo, zili kwa iwo, bola bambo asabwere kudzalanda thabwa n'kusandutsa amayi oonerera.

Tikumva kale mafunso. Loyamba: njala ili m'mimba, bawo tidya? Sitidya. Gogo amene wagona ndi njala amafuna chakudya, ndipo Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, safikira aliyense wovutika. Nkhondo imeneyo sitikuisiya. Koma taganizani: gogo mmodzi akapita yekha kukadandaula, amauzidwa kuti mubwere mawa. Agogo khumi ndi awiri akapita limodzi, ndi mayina awo m'kope, amapatsidwa mipando. Pa bawo ndi pamene anthu amauzana kuti kalembera wa chakuti wayamba, kuti mankhwala afika, kuti mwana wa uje akufuna kugulitsa nyumba mayi ake ali moyo.

Funso lachiwiri: agogo akapita kosewera, ana atsala ndi ndani, pa benchi ya tomato pakhala ndani? Funso limeneli likutiulula tokha. Likusonyeza kuti nyumba zathu zaima pa msana wa munthu wa zaka 70 amene alibe tsiku lopuma. Sabata ili ndi maola 168. Tikupempha awiri. Mdzukulu wamwamuna angathe kukhala pa benchi. Bambo angathe kuyang'anira mwana wake yemwe. Ndipo ife amayi apakati, apongozi, ana aakazi, tinene zoona: nafenso tazolowera kutula katundu wathu pa amayi athu. Tikamanena za ufulu wa amayi, amayi athu omwe ali m'gulu limenelo.

Funso lachitatu: anthu adzati chiyani, mzimayi wamkulu kukhala pa bawo? Adzanena, inde. Ananenanso pamene mayi woyamba anayendetsa galimoto, pamene mayi woyamba anaima pa chisankho. Dziko lino linakhalapo ndi mtsogoleri wamkazi, mayi Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014. Ndiye thabwa la maenje 32 ndi limene likhale loletsedwa?

Tsopano kwa atsogoleri. A khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndi makhansala athu: mukamakonza mapulani a chitukuko, mawu oti masewera asamangotanthauza achinyamata ndi mpira pa Mzuzu Stadium. Kashedi ka malata, benchi yokhala ndi potsamira, chimbudzi chapafupi, khomo lopanda masitepe, zimenezi si ndalama zambiri. Ikani mzere wa achikulire mu bajeti, ndipo pokambirana muitane agogo aakazi adzayankhule okha.

A mipingo ndi a mizikiti: nyumba zanu zambiri zimakhala zokhoma pakati pa sabata. Amayi a Umanyano, a Dorika, a m'mabungwe a Chikatolika, amayi a Chisilamu, mumayendera kale odwala ndipo tikukuthokozani. Koma tisamadikire kuti munthu adwale kuti timuone. Tsegulani chipinda chimodzi, ndipo pakhomo musafunse kuti ndinu a mpingo uti.

Aphunzitsi aakulu: ana akaweruka, kalasi imodzi ingakhale ya agogo. Alangizi a zaumoyo: gulu likakhazikika, mwapeza malo oyezera BP anthu khumi nthawi imodzi. Ophunzira a ku Mzuni ndi achinyamata nonse: bwerani mudzaphunzitse domino, mudzaphunzire bawo, koma mukonzeke kugonja. Akalipentala: zidutswa zija musasonkhere moto zonse. Abambo odziwa bawo: phunzitsani akazi anu, alongo anu, amayi anu. Mukuopa chiyani, kudyedwa nkhomo?

Chaka chilichonse pa 15 June dziko lapansi limakumbukira nkhanza zochitira achikulire, ndipo pa 1 October ndi tsiku la anthu achikulire. Masiku amenewa timavala nsalu zofanana, timayankhula, timagawa sopo ndi shuga, kenako aliyense kwawo. Si zoipa. Koma chaka chili ndi masabata 52, ndipo kusungulumwa sikudikira October. Tiyeni pa 1 October amene akubwerayu tisadzangoyankhula. Madera adzakumane, agogo aakazi a ku Chibavi adzakhale moyang'anizana ndi a ku Luwinga, ife tidzaimirire kumbuyo n'kumachemerera.

Atsikana amene muli pano, musaone ngati tikukamba za anthu ena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Benchi imene tikhome chaka chino ndi imene tidzakhalire ife eni.

Ndiye ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense aganizire gogo mmodzi wa m'dera lake amene sanamuone panja kwa nthawi. Mupite, mugogode, mukhale pansi. Musamufunse kuti mukusowa chiyani, poti funso limenelo analitopa nalo. Mumufunse kuti, agogo, muli mtsikana munkasewera chiyani? Kenako mumuuze tsiku, mumuuze malo, ndipo tsikulo likafika mukamutenge.

Amene mwakonzeka kuyambitsa gulu kwanu, lembani dzina la dera lanu m'munsimu kuti tidziwane ndi kuthandizana.